Dzanja Lotuluka ndi Dzuwa

Nyumba yozizira m'kati kunja kukutentha si yolowamo ndi khanda. Agogo ananena zimenezi pachipata, anabwerezanso pokwera masitepe, koma panalibe wowamvera. Mwana wawo wotsiriza, amene aliyense ankangomutcha Mzime, anali ataitanidwa ndi apolisi kuntchito kwake, ku labotale ya pasukulu yaukachenjede, ndipo khanda lake linkakana botolo, linkafuna bere basi. Ndiye Agogo analibereka kumbuyo n'kulondola, mtima uli m'mwamba.

Anawakhazika pabenchi m'kolido yaitali, yoyera mbee, yopanda zenera. Zitseko zake zinkadzitsekera zokha munthu akadutsa, pang'onopang'ono, ngati kuseri kuli wina akukankha ndi chala. M'kati mwa makoma chinthu china chinkang'ung'udza osapumira. Malo otere umakhala mapazi pamodzi, chikwama pamiyendo, osatsamira khoma, osanyambita milomo. Agogo anachita zonsezo.

Nkhani yake inali iyi. M'labotalemo munali kabotolo kamodzi kotalika ngati chala, kokulungidwa m'pepala lonyezimira, kokhala m'kabati yamdima. M'kabotolomo munali timiyala toyera tomira m'madzi ake. Mzime anathera zaka zake zonse za pasukuluyo pa timiyala timeneto, pamodzi ndi Apulofesa amene tsopano anali malemu, ndipo titamera kamodzi, sitinalolenso kumera ngakhale anayesa chotani. Tsiku lina akuchapa anayesa kuwafotokozera amake. Anati kamwala kalikonse ndi unyinji wa timagulu tosaoneka ndi maso, chitsulo chomangana ndi mpweya wa okosijeni mozungulira ngati kadengu. Kagulu kalikonse ukakapatsa kamphamvu ka magetsi kamasunga, ukakafunsa kamabweza. Anthu akufuna kutiika pakati pa tiwaya topyapyala kuposa tsitsi, kuti tizikumbukira zinthu m'mafoni ndi m'makompyuta.

Agogo anamvapo chimodzi chokha, chakuti chinthu chopanda mutu chimakumbukira. Anamuuza mwana wawo pomwepo kuti asiye ntchitoyo, akaphunzitse ana a anthu kuwerenga. Mzime anaseka mpaka kugwetsa sopo.

Tsopano kuseka kunali kutatha. Atabwerera kuntchito kuchokera ku uchembere, anamasula pepala lija kuti ayambe kuyeza, napeza m'kabotolo muli mchere wa kukhitchini wothiridwa timadzi. Makiyi a kabatiyo anali awiri okha: wa malemu, ndi wake.

*

Wofufuza anali mayi wonenepa wa mawu otsika, a Sajeni, amene ankayamwa switi wa chifuwa ngati ndi ntchito yawo ina. Anasankha kachipinda komwera tiyi, moyang'anizana ndi benchi, n'kutchinga chitseko ndi mpando ponena kuti zitseko zanzeru sagwirizana nazo. Pamenepo Agogo anawakonda pang'ono. Ndipo poti nkhalamba yobereka mwana anthu amaiona ngati gawo la benchi, zonse zonenedwa m'menemo zinkawagwera m'khutu.

Anayamba ndi Adokotala, wachiwiri kwa malemu, dokotala wosabaya jakisoni, wa dazi lowala kuposa nyale. Ankayankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Anati iwo si munthu woloza chala, ayi ndithu, koma labotale yonse yaima pa kabotoloko, ndipo choona chiyenera kunenedwa ngakhale chikhale chowawa. Anati maliro atatha iwo eni anatsegula kabati ndi kiyi wa malemu, naona kabotolo kali pamalo pake, kenako kiyiyo anamutsekera m'bokosi lachitsulo losungira ndalama. Kuchokera tsiku limenelo wokhudza kabati anatsala mmodzi. Anamvanso, ngakhale sakonda mphekesera, kuti sukulu ina yakunja ikumunyengerera mtsikanayo.

"Munakatsegula?" anafunsa a Sajeni.

"Kabati? Ndanena kale, mayi."

"Kabotoloko."

Adokotala anaseka kam'mphuno. Anati munthu wodziwa ntchito samasula pepalalo popanda chifukwa, chifukwa kuwala kumatisokoneza timiyalato. Umangokanyamula, n'kumva kuti m'kati mukuchita wayawaya, n'kubwezera.

"Ndiye kuti munaona pepala," anatero a Sajeni, switi atamusunthira tsaya lina.

Mzime analowa wachiwiri. Ankayankha mawu amodziamodzi, ngati munthu wotopa ndi ulendo. Sanatenge. Sakudziwa. A kunjawo anamuimbiradi foni, iye anakana. Atafunsidwa kumene ankakhala masiku opuma chibwererereni kuntchito, anati kunyumba ndi mwana, amayi ake angachitire umboni. A Sajeni anasuzumira kubenchi, nati sanaonepo mayi wokana kuchitira umboni mwana wake, n'chifukwa chake umboni wotero amaulandira ndi dzanja limodzi.

Wachitatu anali mwamuna wa Mzime, mkamwini wa Agogo. Nayenso ankagwira m'nyumba yomweyo, m'chipinda cha nyale zachikasu, kumene amavala zoyera mpaka kumaso n'kumaumba tiwaya tija. Anzake ankamutcha Wamawaya. Asanalowe anagwada pang'ono pabenchi, nafunsa ngati Amayi sakuzizidwa, nawapatsa madzi m'kakapu kapepala. Agogo anathokoza ndi manja awiri, kenako anakabisa kakapuko pansi pa benchi. Madzi a m'nyumba yosungira mankhwala sumamwa, akupatse ndani kaya ndani.

Mnyamatayo anayankha mofatsa monga mwa chikhalidwe chake. Kiyi wa kabati sanamugwirepo. Ntchito yake imayambira pamene ya mkazi wake yathera: iye amangokonza tiwaya n'kudikira timiyala. Mkazi wake, anati, ndi munthu woti akatola cholembera cha mwini amayenda nacho chipinda ndi chipinda. A Sajeni anafunsa kuti malemu ankakhala nawo bwanji.

"Anali ngati bambo athu. Kumaliro sitinapite, chifukwa mwana wathu anabadwa tsiku lomwe iwo anatisiya. Tinali kuchipatala tonse."

Mawu akuti tonse sanawakomere Agogo m'khutu. Anayamba kugwedeza mwana kumbuyo ngakhale sankalira.

*

Mayi wosesa anabwera akukoka ndowa, woonda, maso othamangathamanga. Anaima pafupi ndi benchi ngati akufinya chikolopa, nayamba kunong'ona osayang'ana Agogo.

"Anzanga, apolisiwa akungotaya nsapato. Mwana wanu sanabe kanthu. Mwini wake ndi amene akubwera kudzafuna zake."

Agogo anafuna kutseka makutu a khanda, koma manja sanafike. Mayiyo anapitiriza. Anati ndi iye amene anawapeza Apulofesa m'mawa uja, ali gone pansi mu ofesi yawo, ataumiratu, makatani ali otseka. Kuchipatala anati ndi mtima, anafa okha tsiku lopuma kulibe anthu. Iye analumbira kuti m'menemo sadzapondamonso, amuchotse ntchito ngati akufuna. Ofesiyo inakhala yotseka mpaka posachedwapa, pamene Adokotala anaganiza zosamukiramo n'kulamula kuti makatani a malemu achotsedwe, poti ankanunkha fodya. Kuyambira pamenepo, anati, pakhoma pamatuluka dzanja.

"Mukapita m'mawa, khoma lili mbee. Dzuwa likapendeka, suzumirani pagalasi la chitseko. Ine ndaliona ndi maso angawa, ndipo sindimwa."

"Adokotala analiona?"

Funso limenelo silinachokere kwa Agogo. A Sajeni anali ataima pakhomo la kachipinda kaja, manja m'chiuno. Mayi wosesa anatsala pang'ono kugwera m'ndowa yake. Anayankha mwachibwibwi kuti Adokotala amangotula makatoni m'mawa, masana amakhala akuphunzitsa. Ndipo munthu wosesa ukauza bwana kuti pakhoma pake pali dzanja la wakufa, mawa lake umasesa kwanu.

A Sajeni anayang'ana wotchi. Anati maganizo awo anali oti atengane ndi Mzime kupolisi nthawi ya chakudya isanakwane, koma pantchito yawo yonse sanafunsepo mboni yakufa, ndipo mwayi wotero sangautaye.

"Tidikire mwini wakeyo," anatero.

*

Ofesi ya malemu inali kumapeto kwenikweni kwa kolido. Agogo anakana kupitako. Atangoona kuti onse anyamuka ndipo atsala okha ndi zitseko zija, anakana kutsala. Analowa pomaliza, naima pafupi ndi khomo, phazi limodzi kunja. M'chipinda mmene munafera munthu sulowa ndi mapazi onse awiri, ndiponso sutembenuzira khanda kungodya.

Munali desiki yathabwa, mpando wokhala ndi juzi ya malemu ikadali paphewa pake, makatoni a Adokotala ataunjikidwa pakona, ndi zenera lalikulu lopanda chotchinga. Adokotala anadandaula kuti awachotsa m'kalasi chifukwa cha maloto a anthu osesa. Mzime anatsamira shelefu, mkaka utayamba kunyowetsa bulauzi. Mkamwini anaima pazenera, manja m'matumba, akuyang'ana magalimoto pansi.

Dzuwa linalowa ngati mpeni wopyapyala m'mbali mwa zenera. Linakula. Linatsika pa desiki, linagwera pansi, linayamba kukwawa kulunjika kukhoma. Chong'ung'udza chija chinkamveka ngakhale kuno. Khanda linadzuka, osalira, linatulutsa mutu m'nsalu n'kuyang'anitsitsa pansi pamene panalibe kanthu.

Poyamba panangoda pang'ono, ngati pakhungu pamene pamenyedwa. Mayi wosesa anagwira mkono wa Agogo. Kudako kunasanduka buluu wofuwirira, kenako buluu weniweni, wakuya, wonga wa inki. Pansi panatuluka mizere, yambirimbiri, yowongoka, yogundanagundana, kuchokera kumiyendo ya desiki mpaka pafupi ndi khoma. Ndipo dzuwa litakwera khomalo kufika msinkhu wa bondo, linatuluka dzanja. Chikhatho, ndi zala zotambasuka zotsetsereka kupita pansi, ngati za munthu amene anafuna kugwira chinthu choti adzuke nacho koma khoma linamukana.

Adokotala anakhala pakatoni osayang'ana ngati ingawapirire.

Agogo sanakuwe. Sanaope dzanjalo kwenikweni. Anaopa mtundu wake, chifukwa buluu ameneyo anali atamuonapo kale, ndipo sikunali kuno.

*

Mzime ndi amene anayamba kusuntha. Anagwada m'mphepete mwa mizere, osaikhudza.

"Ndi timiyala tathu," anatero, mawu ali phwa. "Kabotolo kanaswekera muno."

A Sajeni anamuuza kuti afotokoze ngati akufotokozera amake. Iye anati timagulu tija tikakhala topanda kanthu timakhala toyera, sitioneka. Kuwala kwa dzuwa kukatigunda timalanda kamphamvu pa chilichonse chimene tagonapo, kaya polishi wa pansi, kaya penti, kaya thukuta la munthu, ndipo tikasunga kamphamvuko timasanduka buluu. Mdima ukabwera mpweya umatilanda pang'onopang'ono, n'kuyeranso. Ndi ntchito yomweyo imene ankafuna tizigwira pakati pa tiwaya, kusunga ndi kubweza. M'chipinda cha makatani otseka tikanakhala zaka osaonekera.

Anatinso mizereyo ndi ya munthu amene anapukuta zotayikazo, ndipo wopukutayo analakwitsa chinthu chimodzi. Akanatenga madzi a sopo, timaguluto tikanaphwasuka, osatsala kanthu. Koma anapukuta ndi sipiriti, ndipo sipiriti satipha, amangotimwaza. Munthu wa m'labotale chikatayika chinthu dzanja limapita lokha kubotolo la sipiriti, mutu usanaganize.

"Ine ndi sopo," anatero mayi wosesa msangamsanga. "Aliyense akudziwa. Manja angawa anachita kusendeka ndi sopo."

A Sajeni anavutika kugwada, koma anagwada. Anayang'ana mizereyo nthawi yaitali. Anati iwo akapukuta tebulo amazunguliza nsanza ngati wina aliyense. Uyu anali ndani wopukuta ngati akujambula ndi rula, mzere uliwonse kuluma mnzake m'mphepete, yonse kulowera kumodzi? Adokotala anayankha ali pakatoni, mawu a pa wailesi aja atawathawa. Anati ndi lamulo la m'chipinda cha nyale zachikasu. Kuzunguliza kumabweza fumbi pamene wachotsa, ndiye amakuphunzitsa kukoka mzere umodzi, kupinda nsalu, kukokanso wina, mpaka dzanja liiwale njira ina iliyonse. Ophunzitsidwa choncho alipo angapo: Wamawaya, ana asukulu ena, ndi Mzime amene, poti mwamuna wake anamulowetsako chaka chatha.

Kenako a Sajeni analoza pakati. Mizere yonse inkalekeza pamalo amodzi n'kukayambiranso tsidya, kusiya danga loyera, lalitali, lopindika pang'ono. Anafunsa mayi wosesa kuti malemu anawapeza atagona pati. Mayiyo analoza ndi chibwano dangalo.

"Ndiye kuti wina anapukuta mozungulira munthu," anatero a Sajeni. "Tsono taonani apa."

Kuchokera m'mphepete mwa danga kupita kukhoma kunali tinjira tinayi tokhotakhota, todula mizere yowongoka ija pamwamba pake, tikukathera pansi pa dzanja.

"Zalazi zinadutsa mizere itakokedwa kale. Wopukutayo pomaliza ntchito yake, munthuyu anali akadali moyo."

Mawu otere sanenedwa pali khanda. Agogo analiphimba kumutu ndi nsonga ya nsalu, ilo linaikankha.

Adokotala anadzuka, dazi lili thukuta lokhalokha. Anati izi zapitirira. Achipatala analemba kuti ndi mtima, banja linalira n'kutonthola, sukulu ili ndi dzina loti iteteze. Danga ndi danga, mwina panali katoni. Dzanja losisitika chotero silidziwika mwini, lingakhale la mwamuna kapena la mkazi. Kiyi wa ofesi ino amangopachikidwa kwa alembi, aliyense angamutenge. Nanga chingaletse n'chiyani kuti mtsikanayu anabwera nako kabotolo muno masabata omwewa, kuti akatsanule mobisa, n'kumuphonyoka, n'kutsetsereka iye mwini popukuta?

A Sajeni anadzuka akugwira desiki. Anati mumtima mwawo akudziwa chimene aona, koma mtima sapita nawo kukhoti. Adokotala akunena zoona pa chimodzi: utotowu sunena tsiku. Ngati unatayika tsiku la imfa, Mzime alibe mlandu, poti anali pabedi la uchembere. Ngati unatayika posachedwa, kiyi ndi wake, mizere ndi ya dzanja lake. Anamufunsa ngati ali ndi china choonjezera.

Mzime anali akadagwada. Ankayang'ana kumapeto kwa mizere, kumene uliwonse unkathera ndi kambedza kakang'ono kokhotera kumanzere. Anayang'ana kambedza kamodzi, kena, kenanso. Agogo, amene anamulera, anaona kuti mwini wa timbedzato wamudziwa. Mzime sanatembenukire kuzenera kumene kunali mwamuna wake. Anayesetsa kwambiri kusatembenukira kuzenera, moti aliyense wamaso akanaona.

"Ndilibe," anatero.

"Ndiye tiyeni. Mukagona kwathu mpaka akatswiri adzaone chipinda chino." A Sajeni anayang'ana khanda, napumira m'mwamba. "M'chitokosi mulibe malo a uyu. Agogo ake ayesenso botolo."

Pazenera munthu uja sanatulutse manja m'matumba.

*

Tsiku lobadwa mwana lija, matenda a uchembere anamuyamba Mzime m'mamawa. Mkamwini anawatengera kuchipatala, anawasiya pakhomo la chipinda cha amayi, nati akukatenga mtsamiro umene anaiwala. Anapita. Mwana anabadwa dzuwa lili pamutu, bambo ake kulibe. Anatulukira chakumadzulo, wopanda mtsamiro, milomo ili gwa, akununkha sipiriti. Agogo anati ndi fungo la m'chipatala momwemo. Anamupatsa mwana ali m'shawelo yoyera yatsopano, iye anamunyamula ndi manja onse awiri, akunjenjemera, ndipo anamwino anaseka kuti abambo atsopano onse amatero.

M'mawa mwake Agogo anayanika shawelo ija pazenera kuti iwombedwe dzuwa. Atabwerako kotunga madzi otentha anapeza patuluka zala. Za buluu, mbali iyi ndi mbali iyo, ndendende pogona nthiti za mwana. Sanauze munthu. Chinthu chikafikira khanda ndi manja osaoneka, sulengeza, kuopa kuti chingadziwe kuti wachiona. Anaichapa ndi sopo mpaka zala zawo kutuluka magazi, utoto unachoka, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanalole mdzukulu wawo kugona chipinda chimene iwo mulibe. Mzime ankati amayi akukalamba moipa.

Tsopano anadziwa kuti manja aja anali ooneka.

Anayang'ana msana wa mkamwini. Mwana wa eni ake ameneyu sanawakwezerepo mawu. Ndi iye ankawaperekeza kuchipatala cha maso, ndi iye anawakonzera bedi lotsika poona kuti mawondo akuwavuta. Ndipo apolisi ndi anthu oti ukawatsegulira pakamwa kamodzi, amalowa mpaka kuchipinda. Agogo anali asanayankhulepo ndi wapolisi moyo wawo wonse. Akaona yunifolomu ankawoloka msewu.

Khanda linayamba kufunafuna ndi kamwa pamsana pawo, likunyowetsa nsalu. Inali nthawi yake. A Sajeni anali atagwira kale chigongono cha Mzime.

"Bambo a mwana," anatero Agogo. Mawu anatuluka ang'ono, anachita kubwereza. "Bambo a mwana. Mtsamiro uja munakautenga kuti?"

"Amayi," anatero Mzime. "Musayambe. Pitani naye kunyumba mwanayo."

"Ndikamupatsa chiyani kunyumbako?"

"Amayi, ndapota nanu."

Agogo sanamuyang'ane, chifukwa akanamuyang'ana akanakhala chete. Anayang'ana nsapato za a Sajeni, nanena zonse kwa nsapatozo: za mtsamiro, za fungo, za shawelo pazenera, za zala mbali ziwiri. Anati iwo sukulu sanaione, za timiyala sadziwa, koma mtundu uwu ndi womwewo, ndipo anauona mwana ali ndi tsiku limodzi. Ngati akunama, anamwino amene anawapeza akuchapa akulira alipo, akafunsidwe.

A Sajeni anasiya chigongono chija pang'onopang'ono.

Mkamwini anayankhula akuyang'anabe magalimoto. Anati sabata imeneyo anamva kuti Apulofesa akonza zotumiza timiyala kwa anzawo akunja kuti akayeze okha, poti Mzime tsopano atanganidwa ndi matewera, ndipo dzina lake lidzabwera pambuyo ngati malo atsala. Anadziwa kuti tsiku lopuma amakhala okha mu ofesi. Anapita kukangopempha kuti adikire miyezi ingapo. Anawapeza ali ndi kabotolo m'manja, akukakonzera ulendo. Mawu anakula. Iye anagwira kabotolo, iwo anakoka, kanagwa, nawonso anagwira pachifuwa n'kutsikira pansi. Anati zimene zinatsatira sakuzikumbukira ngati zochita iye. Anangoona manja ake akutola magalasi, akupukuta, akupinda nsalu, akupukutanso. Anathira mchere m'kabotolo kena, anakulunga, anabwezera m'kabati, kiyi anamuika m'thumba la juzi. Ankati akafika panja aimba foni. Atafika panja anati aimba akafika kuchipatala.

"Ndipo mkazi wanu atagwidwa?" anafunsa a Sajeni.

"Ndimati sapeza umboni. Ndimati zingotha."

"Potuluka muno, anali akupuma?"

Mnyamatayo anatulutsa manja m'matumba, nawayang'ana ngati a munthu wina.

"Anandifunsa ngati mwana wabadwa."

Mayi wosesa anayamba kulira chamumtima. Adokotala anatuluka osatsanzika. A Sajeni analavulira switi m'kapepala, namuuza mnyamatayo kuti atsogole, ndipo iye podutsa pakhomo anawerama pang'ono kwa apongozi ake monga mwa masiku onse. Agogo anapatuka kuti malaya ake asakhudze mwana.

Mzime anadzuka pomaliza. Anabwera kumbuyo kwa amake, namasula yekha mfundo ya nsalu, mwankhaza, osapempha kuti awerame. Anatenga mwana wake, anatuluka naye m'kolido, anakhala pansi penipeni atafulatira, n'kutsegula bulauzi. Khanda linagwira bere ndi manja onse, likumeza momveka.

Agogo anaima chapatali, msana utawapepuka moti ankadzandira. Sanadziwe ngati akuyenera kupita kapena kudikira, ndipo anaopa kufunsa. Anaima choncho mpaka mwana anasinthidwa bere.

"Khalani pansi, Amayi," anatero Mzime osatembenuka. "Osati pafupi. Pomwepo."

Agogo anakhala pomwepo.